Mlonda Mmodzi, Zitseko Zambiri

 Lero tikambirana za chinthu chimene ambiri a inu mumakumana nacho kawirikawiri, koma mwina simunadzifunsepo kuti chimayenda bwanji. Mukalowa m'banki kutali ndi kwanu, kalaliki wa pa kauntala amatha kukuuzani ndalama zimene zatsala, chonsecho buku lanu munatsegulira kwina. Mabuku a bankiyo sali m'nyumba imene mwalowayo ayi. Ali m'kompyuta ina, mwina makilomita mazana angapo kuchokera pamene mwaimapo. Tsono kalaliki uja amawafikira bwanji? Nanga kompyuta yakutaliyo imadziwa bwanji kuti amene akupempha mabukuwo ndi kalaliki weniweni, osati mbala?

Akuluakulu amene anagwirapo ntchito m'maofesi kale akukumbukira chipinda cha mafayilo. Fayilo iliyonse inali ndi nambala yake, ndipo wofuna kuiwerenga ankatuma mesenjala kukaitenga. Fayilo ikapita kwa bwana mmodzi, ena onse ankayembekeza kufikira itabwerako. Ikafunika ku boma lina, inkayenda pa galimoto masiku angapo, ndipo nthawi zina inkasowera m'njira. Koma dongosolo lakale lija linali ndi mphamvu yake imene sitiyenera kuinyoza: wosunga mafayilo ankawadziwa anthu nkhope. Mlendo sakanangofika n'kunyamula fayilo ya malipiro a anthu. Makina atabwera, vuto la mtunda linatha msanga, koma vuto lodziwa munthu linakula, popeza pa waya sipaoneka nkhope ya munthu.

Tiyambe ndi vuto losavutalo. M'chaka cha 1984 kampani ya Sun Microsystems ya ku California inakonza njira yotchedwa NFS. Nzeru yake inali yakuti mafayilo azikhala m'kompyuta imodzi yaikulu, imene timaitcha seva, koma munthu wokhala pa kompyuta ina aziwaona ngati ali m'makina ake omwe. Akatsegula kalata, makina ake amapempha seva kuti itumize zolembedwazo. Akasintha mawu n'kusunga, zosinthazo zimabwerera ku seva, ndipo mnzake wa chipinda china akatsegula amapeza kalata yokonzedwa kale. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1983, Barry Feigenbaum wa kampani ya IBM anali atayamba njira ina yochitira ntchito yomweyo, yotchedwa SMB. Kampani ya Microsoft inaitenga njirayi n'kuikulitsa, ndipo mpaka lero ndiyo imene makompyuta a Windows amagwiritsa ntchito pogawana mafayilo m'maofesi.

Kwa zaka zingapo mabanja awiriwa sankamvana chinenero. Amene anathandiza kwambiri kuwayanjanitsa anali wophunzira wa pa Australian National University mumzinda wa Canberra, dzina lake Andrew Tridgell. Iye analibe buku lofotokoza malamulo a njirayi, choncho anangokhala pansi n'kumamvetsera mauthenga amene makompyuta ankatumizirana pa waya, monga momwe mwana amaphunzirira chinenero pomvera akulu akucheza. Kumayambiriro kwa 1992 anatulutsa pulogalamu yake kwaulere. Pambuyo pake, pofuna dzina, anauza kompyuta kuti ifufuze mu dikishonale mawu okhala ndi zilembo S, M ndi B motsatana choncho, ndipo anasankha Samba. Tizipangizo tambiri tosungira mafayilo timene timagulitsidwa lero kuti tigwiritsidwe ntchito m'maofesi aang'ono tili ndi Samba m'kati mwake, ngakhale eni ake sadziwa.

Tsono tibwere ku vuto lalikulu lija. NFS yoyambirira inali yokhulupirira anthu mopitirira muyeso. Munthu aliyense ankapatsidwa nambala, ndipo kompyuta yake ikauza seva kuti wopempha fayiloyu ndi nambala yakutiyakuti, seva inkangovomera osafunsa umboni. Taganizani mlonda wa pa nkhokwe amene amatsegulira aliyense wonena kuti watumidwa ndi amfumu. M'mudzi wa anthu ochepa odziwana zimenezi zikhoza kuyenda, koma pa mzinda wa anthu zikwi, chimanga chingathe tsiku limodzi. Munthu wodziwa makina ankangouza kompyuta yake kuti itchule nambala ya mnzake, basi mafayilo onse a mnzakeyo ali poyera.

Mudzati, nanga si pali mawu achinsinsi, amene achinyamata amati pasiwedi? Alipodi, ndipo ndi akale. Anayamba kugwiritsidwa ntchito pa makompyuta kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 pa sukulu yaukachenjede ya MIT ku America, pa makina otchedwa CTSS amene gulu la Fernando Corbató linakonza kuti anthu ambiri azigwiritsa ntchito kompyuta imodzi. Kuba kwake nakonso sikunachedwe. Mu 1962 wophunzira wina, Allan Scherr, ataona kuti maola 4 amene ankapatsidwa pa mlungu sankamukwanira, anapempha makinawo kuti asindikize fayilo imene munali mawu achinsinsi a anthu onse, ndipo makinawo anasindikizadi. Iye mwini anadzaulula zimenezi patapita zaka zambiri.

Makompyuta atachuluka, mavuto anakhala awiri. Loyamba, seva iliyonse inali ndi mndandanda wakewake wa anthu ndi mawu awo achinsinsi, kotero kuti munthu mmodzi ankafunika kukumbukira mawu osiyana a mafayilo, a makalata ndi a makina osindikizira. Munthu akatopa ndi kukumbukira amalemba pa kapepala n'kumata pansi pa tebulo, kapena amangoika mawu amodzimodzi ponseponse. Lachiwiri, mawuwo ankayenda pa waya osabisidwa, ndipo aliyense wokhala ndi chida chomvetsera ankatha kuwatola.

Pa MIT pomwepo ndi pamene vutoli linafika pa mwana wakana phala. Mu 1983 sukuluyi, mothandizana ndi makampani a DEC ndi IBM, inayamba ntchito yotchedwa Project Athena. Cholinga chinali kuika makompyuta ambirimbiri m'zipinda zotseguka, kuti wophunzira aliyense akhale pa kompyuta ina iliyonse imene wapeza, alembe dzina lake, n'kupeza mafayilo ake akumudikira. Koma ophunzirawo anali anyamata ndi atsikana ochenjera kwabasi, okhoza kumasula makina ndi kuwasintha usiku umodzi. Choncho okonza ntchitoyi anayamba ndi ganizo lowawa koma loona: kompyuta imene munthu wakhalapo si yokhulupirika, ndipo waya nawonso si wokhulupirika. Pogwiritsa ntchito nzeru zimene Roger Needham ndi Michael Schroeder anafalitsa mu 1978, akatswiri awiri, Steve Miller ndi Clifford Neuman, anakonza dongosolo limene analitcha Kerberos. Dzinali ndi la galu wa mitu itatu amene, m'nthano za Agiriki, ankalondera chipata cha kumanda. Mitu itatuyo anthu amaifanizira ndi mbali zitatu za dongosololi: munthu wopempha, seva yosunga mafayilo, ndi mlonda amene onse awiri amamukhulupirira.

Apa ndikupemphani, omvera anga, kuti mutsatire bwino, pakuti ndi pamene pagona nkhani. Mlonda ameneyu ndi kompyuta yapadera, yotsekeredwa m'chipinda chake. Iye amasunga kiyi wachinsinsi wa munthu aliyense ndi wa seva iliyonse. Kiyi wa munthu amapangidwa kuchokera ku mawu ake achinsinsi mwa masamu. M'mawa mukafika pa ntchito n'kulemba dzina lanu ndi mawu anu, kompyuta yanu situmiza mawuwo pa waya ayi. Imawasandutsa kiyi pomwepo, n'kupempha mlonda kuti akupatseni chilolezo. Mlonda amayankha potumiza kabokosi kokhoma ndi kiyi wanu. Ngati munalemba mawu oona, kabokosiko kamatseguka. Ngati munalakwitsa, kamakana. Wakuba amene akumvetsera pa waya amaona kabokosi kakudutsa, koma alibe chotsegulira.

Pamodzi ndi kabokosiko pamabwera tikiti yaikulu, imene tingaifanizire ndi chiphaso cha tsiku lonse. Tikitiyi ndi yokhomedwa ndi kiyi wa mlonda mwini wake, kotero kuti ngakhale inu amene mwainyamula simungathe kuisintha kapena kulembamo dzina lina. Tsono mukafuna mafayilo a ofesi yanu, kompyuta yanu imabwerera kwa mlonda, imamuonetsa tikiti yaikulu ija, n'kupempha tikiti yaing'ono yolowera pa seva ya mafayilo. Mlonda amalemba dzina lanu m'tikiti yaing'onoyo n'kuikhoma ndi kiyi wa sevayo. Mukaipereka, seva imaitsegula ndi kiyi wake n'kuganiza motere: kiyi ameneyu timamudziwa awiri okha, ine ndi mlonda, ine sindinalembe tikitiyi, ndiye kuti wailemba ndi mlonda, ndipo dzina lili m'katili ndi loona. Onani kuti seva ija sinaone mawu anu achinsinsi, ndipo sinafunikire kuwasunga. Mukafuna makina osindikizira kapena makalata anu, zimachitikanso chimodzimodzi, inu osalembanso kanthu. Zonsezi zimatha m'kuphethira kwa diso.

Nanga wina akatola tikiti yanu pa waya n'kukaipereka ngati yake? Okonzawo anaganizirapo. M'kabokosi kaja mlonda amaikamonso kiyi wina wa kanthawi, amene kope lake lili m'tikiti. Popereka tikiti, kompyuta yanu imalemba nthawi ya pa wotchi yake, n'kuikhoma ndi kiyi wa kanthawiyo. Wakuba alibe kiyi ameneyu, choncho sangalembe uthenga watsopano. Akatumizanso uthenga wanu wakale, seva imaona kuti nthawi yake yapita, n'kuukana. Mwachizolowezi mawotchi a makinawa saloledwa kusiyana kupyola mphindi 5. Ichi ndicho chifukwa chake nthawi zina m'maofesi munthu amakanizidwa kulowa ngakhale walemba mawu oona, n'kuyamba kunena kuti makina amulodza, chonsecho ndi kabatire ka wotchi ya m'kompyuta kamene katha mphamvu. Tikiti yaikulu nayonso ili ndi moyo wake. Pa makina a Windows, ngati woyang'anira sanasinthe, imakhala maola 10, ndiko kuti tsiku limodzi la ntchito ndi kachidutswa.

Ndipatuke pang'ono. M'zaka zimenezo boma la America linkawerengera masamu obisira mauthenga m'gulu la zida zankhondo, ndipo kuwatulutsa kunja kwa dzikolo popanda chilolezo kunali kulakwira lamulo. Choncho a ku MIT anachotsa masamu onsewo mu Kerberos n'kutumiza kunja chigoba chokha, chimene anachitcha Bones, ndiko kuti mafupa. Akatswiri a ku Australia ndi ku Sweden anawaveka mnofu mafupawo polembanso okha masamu aja. Malamulowo anafewetsedwa m'chaka cha 2000.

Kudziwa kuti munthu ndi yani ndi nkhani ina, kumulola kuchita chinthu ndi nkhani inanso. Mlonda akatsimikiza kuti ndinudi, seva imayang'ana ngati dzina lanu lili pakati pa ololedwa kuwerenga fayilo, kapena kuisintha, kapena kuifafaniza. Pofuna kuti ntchitoyi isakhale yolemetsa, anthu amaikidwa m'magulu: gulu la owerengera ndalama, gulu la oona za antchito, gulu la akuluakulu. Fayilo ya malipiro imatsegukira gulu loyenera, osati munthu mmodzimmodzi. Mayina ndi magulu onsewa amasungidwa m'kaundula mmodzi, ndipo njira yofunsira kaundulayu, yotchedwa LDAP, inafalitsidwa mu 1993 ndi Tim Howes wa pa University of Michigan pamodzi ndi anzake. M'chaka chomwecho munatulukanso malamulo a Kerberos yachisanu. Microsoft inamanga zinthu ziwirizi pamodzi mu Active Directory, imene inatuluka ndi Windows 2000, ndipo kuyambira pamenepo galu wa ku MIT uja analowa m'mabanki, m'zipatala ndi m'maofesi a maboma pa dziko lonse.

Kwa ine, phindu lalikulu la kaundula mmodzi silili pa kupeputsa kukumbukira ayi. Lili pa tsiku limene munthu akusiya ntchito. Kumene kuli mindandanda khumi, munthu wochotsedwa ntchito amafafanizidwa m'mindandanda isanu ndi itatu, iwiri n'kuiwalika, ndipo iye amapita kwawo ndi makiyi a zitseko ziwiri m'thumba. Kumene kuli kaundula mmodzi, woyang'anira amatseka mzere umodzi, zitseko zonse n'kutsekeka. Ndiponso chilichonse chochitika pa fayilo chimalembedwa pa dzina la munthu. Pa chifukwa chimenechi ndimadandaula ndi chizolowezi chimene chilipo m'maofesi ambiri, chakuti bwana akamapita ku msonkhano amasiyira mlembi wake mawu achinsinsi, mlembi naye n'kubwereka mnzake. Anthu amachitcha kukhulupirirana. Koma tsiku limene ndalama zidzasowe, makina adzatchula dzina la bwana, ndipo ofufuza sadzamva zoti iye anali ku msonkhano. Njira yoyenera ilipo ndipo ndi yaifupi: mlembi apatsidwe chilolezo pa dzina lake lomwe.

Zonse zimene ndafotokozazi zinakonzedwa poganizira anthu okhala pa waya umodzi, m'kati mwa mpanda umodzi. Nanga wokhala kunyumba, kapena ku nthambi yakutali? Kuika seva ya mafayilo poyera pa intaneti n'kuitana akuba. Njira yofala ndi yotchedwa VPN, imene ili ngati ngalande yobisika: kompyuta yanu imakumba njira yotsekeka kudutsa pa intaneti mpaka m'kati mwa mpanda wa ofesi, ndipo mukatulukira kumeneko mumaoneka ngati mwakhala pa tebulo lanu. Mu 2020, mliri wa Covid-19 utatseka maofesi m'maiko ambiri, anthu miyandamiyanda anagwira ntchito kudzera m'ngalande zoterezi.

Koma ngalande nayonso ili ndi chitseko. Mu April 2021 zigawenga zinalowa m'makompyuta a kampani ya Colonial Pipeline ku America, imene mapaipi ake, otalika makilomita oposa 8,000, amanyamula pafupifupi theka la mafuta ogwiritsidwa ntchito kugombe la kum'mawa kwa dzikolo. Sizinathyole kanthu. Zinalowa ndi dzina ndi mawu achinsinsi a akaunti ya VPN yakale, imene sinkagwiranso ntchito koma palibe anaitseka. Kampaniyo inaimitsa mapaipi pa 7 May, anthu anaima pa mizere yaitali m'malo omwetsera mafuta kwa masiku angapo, ndipo eni ake analipira zigawengazo madola pafupifupi 4.4 miliyoni. Mkulu wa kampaniyo, Joseph Blount, anavomera pamaso pa aphungu a dzikolo kuti chitsekocho chinali ndi loko mmodzi yekha. Loko wachiwiri amene ankasowayo ambiri a inu mumamudziwa kale: ndi kanambala kaja kamene kamabwera pa foni yanu, kogwira ntchito kanthawi kochepa. Wakuba akhoza kudziwa mawu anu ali kutsidya kwa nyanja, koma foni yanu ili m'thumba mwanu.

Patsala funso limodzi, ndipo ndi limene limasowetsa tulo oyang'anira makina. Ngati zitseko zonse zimamvera mlonda mmodzi, chimachitika n'chiyani mlondayo akagwidwa kapena akafa? Akagwidwa, zinthu zimaipa zedi, pakuti wobera kiyi wa mlonda amatha kudzilembera yekha matikiti pa dzina la munthu aliyense, ndipo maseva onse amawalandira. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka: kuti mumuchotse muyenera kusintha makiyi a m'nyumba monse, mwinanso kumanga dongosolo lonse mwatsopano. Pofuna kuti mlonda asafe, mabungwe aakulu amaika alonda angapo m'malo osiyanasiyana, onse osunga kaundula mmodzimodzi ndi kumauzana zosintha nthawi ndi nthawi, kuti wina akagwa wina apitirize.

Kampani ya zombo ya Maersk ya ku Denmark, imene dzina lake mumaliona pa makontena odutsa pa malole m'misewu yathu, inali ndi alonda otere pafupifupi 150 m'maiko ambiri. Koma chakudza sichiimba ng'oma. Pa 27 June 2017 pulogalamu yowononga yotchedwa NotPetya inatulukira ku Ukraine, itabisala m'pulogalamu yowerengera misonkho imene makampani ambiri a kumeneko ankagwiritsa ntchito. Inkafalikira m'njira ziwiri: kudzera pa chibowo chimene chinali mu SMB yakale, chimene Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chake mu March chaka chomwecho, ndiponso potola zizindikiro za anthu zimene zinatsalira m'makompyuta n'kumalowa nazo m'makompyuta ena ngati mwini nyumba. M'kanthawi kochepa makina a Maersk anazima. Alonda 150 aja, amene aliyense anayenera kukhala mpulumutsi wa mnzake, anafafanizidwa pafupifupi onse nthawi imodzi. Pa madoko 17 a kampaniyo ntchito inasokonezeka, ndipo malole anandanda pa zipata popanda wodziwa kuti kontena iti ikwere chombo chiti.

Akatswiri amene anasonkhana ku Maidenhead, kufupi ndi London, anapeza kuti makope a mafayilo ambiri analipo, koma kope la kaundula panalibe, ndipo popanda kaundula panalibe munthu wokhoza kulowa paliponse. Anaimba mafoni ku maofesi awo m'dziko lonse lapansi, mpaka anapeza mlonda mmodzi wamoyo mu ofesi ina ya kumadzulo kwa Africa. Anapulumuka bwanji? Magetsi anali atazima kumeneko chiwembucho chisanafike, ndipo makinawo anali osalumikizana ndi anzake pamene mliriwo unkadutsa. Chinthu chimene tonsefe timachidandaula madzulo aliwonse chikatichitikira ndicho chinasunga kaundula wa kampani yaikulu chotere. Disiki yake inanyamulidwa pa manja, pa ndege, kuchokera ku Nigeria mpaka ku England, monga momwe mesenjala ankanyamulira fayilo masiku aja.

Mu January 2018, pa msonkhano wa ku Davos, wapampando wa kampaniyo, Jim Hagemann Snabe, ananena kuti antchito ake anakonzanso maseva 4,000 ndi makompyuta 45,000 m'masiku 10, ndi kuti kampaniyo inataya madola pakati pa 250 ndi 300 miliyoni. M'masiku amenewo zombo sizinaleke kufika pa madoko, ndipo antchito anayendetsa gawo lalikulu la katundu popanda makina awo, polemba pa mapepala ndi kutumizirana mauthenga pa mafoni awo.